NJALA YA 1949: CHIMANGA CHINAFIKA, NANGA ANAFA NDANI?

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Malimidwe pa nthawi ya alimi. Taisindikiza pano kuti mafumu aiwerengere anthu ao pabwalo.)

Masabata apitawa takhala tiri kukambirana za kusamala chimanga m'nkhokwe ndi za kulimbana ndi anankafumbwe. Lero tiyambe tatsamiritsa khasu pakhoma, tikambe mbiri. Ndifuna kukukumbutsani za njala ya chaka cha 1949, njala imene nkhalamba za m'boma la Blantyre ndi maboma oyandikana nalo zimawerengera nayo zaka zao.

Ine sindinaione njalayo, pakuti ngakhale amai anga anali asanabadwe. Ndinaimva kwa agogo anga aakazi, ndipo zina ndaziwerenga m'mabuku a anthu amene anafufuza m'makalata a Boma la nthawi imeneyo ndi kufunsa opulumuka. Mmodzi mwa iwo ndi Megan Vaughan, amene anacheza ndi amai a ku Lunzu natulutsa buku lake m'chaka cha 1987.

Chimene ndasankhira nkhaniyi ndi ichi. Pa njala imeneyo Boma linagawa chakudya kwa anthu ochuluka kuposa kale lonse, ndipo ambiri anapulumuka nacho. Komabe anthu ena anafa chimanga chiri m'dziko. Tsono tidzifunse: anafawo anali ndani, ndipo chakudya chinawadumpha bwanji? Yankho lake likhudza inu mafumu, chifukwa masiku ano galimoto ya chimanga isanafike, woyamba kufunsidwa maina a anthu osowa ndinu.

KALE MATUMBA ASANABWERE

Njala si mlendo m'dziko muno. M'zaka za 1862 ndi 1863 chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo zinapulula midzi ya m'chigwa cha Shire, kotero kuti David Livingstone anaona mitembo iri kuyandama mumtsinjemo. M'chaka cha 1922 kunagwanso njala yaikulu ku chigawo cha kumwera. Makolo athu anali kuidziwa njala, ndipo anali ndi njira zao zoichingira.

Njira yoyamba inali m'munda. Sanali kudalira chimanga chokha iai. Anali kubzala mapira, mchewere, mawere, nandolo, khobwe ndi maungu, ndipo okhala pafupi ndi mitsinje anali ndi madimba. Mbeu imodzi ikakana, ina inali kuvomera. Njira yachiwiri inali kusuma. Munthu anali kunyamula dengu kupita kwa abale ake kumene mvula inagwa bwino, nakagwira ntchito masiku angapo, nabwerera ndi chakudya pamutu.

Njira yachitatu inali chidyerano, chimene Elias Mandala, wolemba mbiri wa kuno kwathu, anachifotokoza m'buku lake la m'chaka cha 2005. Nthawi ya chakudya ikakwana, nyumba iliyonse inali kutulutsa mbale yake ya nsima ndi ndiwo. Amuna ndi anyamata anali kudyera pamodzi, amai ndi ana aang'ono paokha. Mwana wamasiye anali kungosamba m'manja ndi kukhala pansi, osafunsidwa kuti mbale ya kwanu iri kuti. Nkhalamba yopanda munda inali kudya chimodzimodzi. Uku kunali kugawa chakudya kopanda kaundula, kopanda chidindo.

Koma chidyerano chinali ndi malire ake. Chinali kugwira ntchito pamene njala yalowa m'nyumba zitatu mwa nyumba khumi. Ikalowa m'nyumba zonse khumi, panalibe wotulutsa mbale. Agogo anga anali kunena kuti m'chaka cha njalacho mtondo unaleka kumveka masana. Wokhala ndi kachimanga anali kusinja usiku, naphika chitseko chiri chotseka, kuopa kuti mnansi angamve nadzakhala pakhomo. Sikuti anthu anasanduka oipa. Njala inangokula kuposa mwambo.

MVULA IDULA

Mvula ya chakumapeto kwa chaka cha 1948 inayamba bwino. Anthu anabzala, chimanga chinamera, ndipo alimi anayembekeza chaka chabwino. Koma m'mwezi wa Disembala mvula inadula, ndipo Januwale wa 1949 anakhala wa dzuwa lokhalokha. Chimanga chinafota chisanamasule. Amene anali ndi mbeu yotsala anabzalanso itagwa mvula ina, koma m'mwezi wa Malichi kunaumanso. Chigawo cha kumwera ndicho chinapsa kwambiri, makamaka madera otsika a boma la Blantyre, monga ku Lunzu ndi ku Lirangwe, ndipo mbali ina ya chigawo chapakati inakhudzidwanso.

Chilala chokha sichikanafikitsa anthu pamenepo. Panali zinthu zina zimene zinali zitafooketsa midzi kale. Zaka ziwiri zam'mbuyo zokolola sizinachite bwino, chotero nkhokwe zambiri zinali zopepuka. Malo ambiri achonde a ku mapiri a Shire anali m'manja mwa Azungu a maesiteti, ndipo anthu anali othithikana pa minda yaing'ono yotopa. Kuonjezera apo, m'chaka cha 1947 Boma linali litakhazikitsa bungwe la Maize Control Board kuti lidzigula chimanga chotsala kwa alimi, koma mtengo wake unali wotsika. Mlimi sanaone chifukwa chokulitsira munda wa chimanga, ndipo bungwelo silinasunge chimanga chokwanira tsiku la tsoka.

Panalinso vuto la njira. Katundu wochokera kunja anali kubwera pa sitima ya pamtunda kuchokera ku doko la Beira. Koma mlatho wa njanji wa pa Chiromo unali utakokoloka ndi madzi m'chaka cha 1948, ndipo watsopano unatha m'chaka cha 1950. Pakati pa zaka zimenezo katundu anali kutsitsidwa, kuolotsedwa pa madzi, ndi kukwezedwanso tsidya lina. Chakudza sichiimba ng'oma. Njala inapeza dziko liribe nkhokwe, liribenso mlatho.

M'midzi anthu anayamba ndi kuchepetsa nsima, kudya kamodzi patsiku. Kenaka anagulitsa nkhuku ndi mbuzi, koma poti aliyense anali kugulitsa, ziweto zinatsika mtengo pamene chimanga chinali kukwera. Zitatha ziweto anatembenukira ku gaga, ku zitsa za nthochi ndi ku mizu ya kutchire monga mpama, imene imapweteka munthu ngati sanaikonze bwino. Amuna ambiri ananyamuka kukasuma ku Ntcheu, ku Neno, ku Mwanza ndi kutsidya kwa malire ku Mozambique.

BOMA LIYAMBA KUGAWA

Bwanamkubwa wa nthawi imeneyo anali Geoffrey Colby. Boma lake linakhazikitsa bungwe la African Foodstuffs Commission kuti liyang'anire za chakudya, ndipo linagula kunja chakudya chokwana matani pafupifupi 25,000. Chakumapeto kwa chaka cha 1949 malo ogawirapo anali atatsegulidwa m'madera ovutika. Tiyenera kunena zoona: popanda chimanga chimenechi maliro akanachuluka koposa. Kugawa chakudya kumapulumutsa anthu, ndipo izi sitikangana.

Koma tiyang'ane bwino kagawidwe kake. Choyamba, chakudyacho chinachedwa. Chimanga chinauma m'munda mu Januwale, ndipo mlimi aliyense anadziwa pomwepo kuti chaka chafa, koma panapita miyezi yambiri chithandizo chisanafike m'midzi. Pofika nthawiyo mabanja anali atagulitsa kale mbuzi, makasu ndi nsalu.

Chachiwiri, chimanga chambiri sichinali chaulere. Chinali chogulitsa, ndipo wofuna kulandira anayenera kubwera ndi makobiri. Ogwira ntchito m'Boma, m'mamishoni, m'makampani a m'tauni ndi m'maesiteti ena anali kulandira chakudya kwa mabwana ao, ena chaulere, ena motsika mtengo, ena pa ngongole. Mabanja amene anali ndi mwana kapena bambo ku Salisbury, kumene lero timati Harare, kapena ku migodi ya ku Joni, anali kupulumukira ndalama zobwera pa positi. Chaulere chinali cha okhawo amene anaweruzidwa kuti ndi osowa kotheratu.

Chachitatu, Boma linaganiza kuti anthu akuda amasungana okha pachibale, ndi kuti mkazi wokwatiwa amadyetsedwa ndi mwamuna wake. Ganizo limeneli linkaoneka lanzeru pa pepala. M'mudzi linasanduka msampha.

AMENE ANADUMPHIDWA

Mukudziwa nonse mwambo wa chikamwini umene uli m'midzi yambiri ya kumwera. Mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi, ndipo munda ndi ana ziri ku mtundu wa mkaziyo. Njala itafika, amuna ambiri anapita kukasuma, ndipo tisawanamizire onse: ambiri anabwerera, atayenda masiku ndi thumba pamutu, napulumutsa ana ao. Koma analiponso ena amene sanabwerere. Ena anapita kwao kwa amai ao, kumene kunali kachakudya. Ena anakwatira kumene anakasumako. Amai a ku Lunzu amene anafunsidwa patapita zaka zambiri anali kukumbuka chaka cha 1949 ngati chaka chimene maukwati anatha.

Tsono taganizani za mai wosiyidwa chotero, ali ndi ana anai. Akapita kumalo ogawira chakudya, iye ndi mkazi wokwatiwa, chotero sali m'gulu la osowa kotheratu. Amuuza kuti agule, kapena adikire mwamuna wake. Ndalama azitenga kuti? Njira yaikulu imene amai anali kupezera makobiri masiku amenewo inali kufulula mowa, ndipo Boma linaletsa kufulula kuti chimanga ndi mapira zisaonongeke. Lamulolo linali ndi cholinga chabwino, koma linatseka khomo lomaliza la amai amenewa. Ganyu naye anali wosowa, poti wolemba ganyu analibe cholipira.

Enanso odumphidwa anali nkhalamba, amai amasiye, olumala ndi ana opanda makolo. Malo ogawirapo anali kutali, ndipo munthu wofooka sakanatha kuyenda mtunda wautali ndi kukaima pa mzere padzuwa. Wamphamvu anali kufika nalandira. Wofunikira chakudyacho koposa onse anali kutsala pamkeka m'nyumba, wopanda womunenera.

Njala inafika pachimake m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale 1950, pamene chakudya chakale chinali chitatheratu ndipo chatsopano chisanache. Pamenepo Boma linatsegula misasa yodyetsera anthu ofooka, kumene anali kuwaphikira phala. Amene anadzaza misasayo anali omwe aja: ana, nkhalamba ndi amai osiyidwa. Ena anachira, ena anafika mochedwa. Boma linawerenga anthu pafupifupi 200 kuti ndiwo anafa ndi njala, koma chiwerengero chimenechi sichiphatikiza amene anafa ndi matenda atafooka ndi njala, ndipo ofufuza mbiri amati anafa ndi ochuluka kuposa pamenepo.

Phunziro lake ndi ili: kufika kwa chimanga pa boma si kufika kwa nsima m'mimba mwa mwana. Pakati pa ziwirizi pali mtunda, pali mtengo, pali kaundula. Munthu amafera pakati pamenepo.

NJALA NDI MATENDA ZIMAYENDA PAMODZI

Mwina mufunsa kuti, bwanji anthu anafa kwambiri mvula itagwa, dziko litabiriwira? Chifukwa chake nchakuti njala kawirikawiri siipha yokha. Imafooketsa thupi, ndipo matenda amadzatsiriza. Nyengo ya dzinja ndiyo nyengo ya malungo ndi kutsegula m'mimba. Mwana wokhuta akadwala chikuku kapena kutsegula m'mimba amalimbana nako nadzuka. Mwana wanjala matenda omwewo amamtenga m'masiku owerengeka.

Pali chizindikiro china chimene chimanyenga makolo. Mwana woperewera chakudya nthawi zina saonda, koma amatupa mapazi, miyendo ndi nkhope, tsitsi lake limafiira ndi kupepuka, ndipo amangokhala ndwii osasewera. Kumudzi timafulumira kunena kuti ndi tsempho, ndipo akuluakulu amakhala pansi kufufuza amene walakwa pakati pa bambo ndi mai. Mlandu uli mkati, mwanayo ali kutha. Kutupa kumeneko ndi njala, ndipo mankhwala ake ali kuchipatala.

Dziwaninso kuti munthu amene wakhala masabata osadya bwino sapatsidwa nsima yolimba yambiri nthawi imodzi. M'mimba mwake ndi mtima wake zafooka, ndipo chakudya chochuluka mwadzidzidzi chikhoza kumpweteka. Amayamba ndi phala lamadzimadzi, pang'onopang'ono, kawirikawiri.

Njala imadwalitsanso munda. Mlimi wanjala amasiya munda wake uli ndi udzu napita kukapalira kwa wina kuti apeze chakudya cha lero. Ena amadya mbeu imene anasungira kubzala. Chotero njala ya chaka chino imabala njala ya chaka chamawa. Thumba lofika nthawi yopalira limapulumutsa zinthu ziwiri, munthu ndi munda wake.

ZIMENE ZINATSATA

Njala itatha, Boma linalimbikira kuti banja lililonse likhale ndi munda wa chinangwa kapena mbatata, ndi kuti anthu alime mizere yopingasa kuti nthaka isakokoloke. Malangizo ake anali abwino, koma anadza ndi chikakamizo. Wokana anali kulipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu anadana nao malamulo a malimidwe, ndipo alangizi amene anagwira ntchito yanga ino m'zaka za m'ma 1950 anali kuthawidwa m'midzi ngati amesinjala a msonkho. Ife alangizi a lero tinaphunzirapo kuti mlimi saphunzira ndi chindapusa.

Zaka zapambuyo zinaonjezera maphunziro ena awiri. Loyamba linachokera m'misasa ya abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Iwo anali kulandira ufa, nyemba, mafuta ndi mtedza. M'chaka cha 1990 mtedza unasowa pa zogawidwazo kwa miyezi ingapo, ndipo anthu oposa 18,000 anadwala matenda a pellagra, amene ena amati chiwau. Khungu limada ndi kusenda m'khosi ndi m'manja momwe mumaomba dzuwa, munthu amatsegula m'mimba, ndipo akachedwa mutu umasokonezeka. Anthuwo nsima anali kudya, koma thupi linali kusowa chimene chimapezeka mu mtedza, nyemba, nsomba ndi nyama. Matendawo anachepa pamene mtedza unabwerera, odwala napatsidwa mavitamini, ndi ufa nuonjezeredwa michere. Apa tiona kuti kukhuta ndi thanzi ndi zinthu ziwiri.

Phunziro lachiwiri ndi njala ya chaka cha 2002, imene ambiri a inu munaiona ndi maso. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa m'zaka za 2000 ndi 2001, zokolola za 2001 zinachepa, ndipo mtengo wa chimanga unakwera kangapo. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za ngoziyo mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. M'nyengo yomweyo kolera anapha anthu pafupifupi 1,000. Ine ndinali mwana wa sukulu ya pulaimale. Ndikumbuka kuti m'kalasi mwathu tinatsala ochepa, ndipo otsalafe tinali kusinza dzuwa lisanafike pamutu. Monga mu 1949, nkhokwe inali yopanda kanthu ndipo chithandizo chinachedwa.

Koma pa njala imeneyi panatulukanso zinthu zabwino. M'boma la Dowa, m'chaka cha 2002, anayamba kuyesa njira yochizira ana onyentchera ali kwao, mai akumalandira chiponde cha mankhwala kuchipatala chapafupi, m'malo mogonekedwa masabata ambiri ana ena atasiyidwa kunyumba. Njira imeneyi inafalikira m'dziko lonse ndi m'maiko ena. M'chaka chomwecho bungwe la Mary's Meals linayamba kuphikira ana phala m'sukulu ku Blantyre, amai a m'midzi ndiwo akutunga madzi ndi kuphika. Ndipo m'chaka cha 2006 Boma linayamba ku Mchinji ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito. Mukaziyang'ana zitatuzi muona kuti zonse ziri kufunafuna anthu omwe aja anadumphidwa mu 1949: mwana, nkhalamba ndi mai wosiyidwa.

NTCHITO YA MFUMU

Chilala sichinatisiye. Chinabweranso mu 2005 ndi mu 2016, ndipo m'mwezi wa Malichi 2024 maboma 23 mwa maboma 28 analengezedwa kuti ali pangozi ya njala. Chidzabweranso. Tsono ndilankhule ndi inu mafumu, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chaka china ndinakhala nao pa kalembera wa olandira chimanga m'mudzi wina umene sindiutchula. Anthu anasonkhana pansi pa mtengo, maina analembedwa, ndipo aliyense anaomba m'manja. Tiri kubwerera, mtsikana wina anandikoka malaya nandilozera kanyumba kakumapeto kwa mudzi. M'menemo munali gogo wina ndi adzukulu atatu, makolo ao anamwalira. Gogoyo sanabwere kumsonkhano chifukwa miyendo inali yotupa, ndipo panalibe amene anamtchula. Pa kaundula panali maina a anthu a njinga ndi mbuzi. Mfumu ya mudziwo sinali munthu woipa. Inangolemba amene anali pamaso pake. Tinakonza kaundulayo tsiku lomwelo, koma ndinapita kwathu ndiri kuganiza kuti 1949 ikadali pakati pathu.

Chifukwa chake ndipempha zinthu zisanu.

Choyamba, nenani msanga. Inu mumadziwa mu Febuluwale kuti chimanga chafa, ndipo mumadziwa mu Meyi kuti ndi nkhokwe ziti sizifika Okutobala. Musadikire maliro. Uzani mlangizi wa m'dera lanu ndi komiti ya mudzi yoona za ngozi nthawi ikadalipo, chifukwa chimanga sichiyenda tsiku limodzi.

Chachiwiri, lembani maina poyera, koma musanalembe yendani khomo ndi khomo. Funsani kuti, ndani sanabwere, ndipo chifukwa chiyani? Musafunse kuti mai uyu ndi wokwatiwa kapena iai. Funsani kuti m'nyumbamo mwaphikidwa chiyani dzulo. Amai akhale nao pa kalemberayo, pakuti iwo ndiwo amadziwa nyumba imene utsi waleka kufuka. Dzina la mbale wanu lilowe pa chifukwa chomwecho chimene lalowera dzina la mlendo.

Chachitatu, samalani ndi kugawana. Ndidziwa kuti m'midzi yambiri thumba likafika mfumu imalamula kuti ligawidwe m'nyumba zonse, aliyense kambale, kuti pasakhale chidani. Mtima umenewu ndi wa chidyerano, ndipo sindiunyoza. Koma thumba la makilogalamu 50 linayesedwa kuti lithandize banja limodzi mwezi umodzi. Likagawidwa m'nyumba zisanu, wokhala ndi chakudya wangoonjezera pang'ono, ndipo wopanda chakudya watha zake m'sabata imodzi. Ngati osowa achuluka kuposa matumba, kanenereni kwa ogawawo kuti aonjezere. Kulanda kwa wofooka sikutha chidani, kumangochibisa.

Chachinai, yang'anirani ana ndi amai oyembekezera ndi oyamwitsa. Mwana akaperewera chakudya kuyambira ali m'mimba mpaka zaka ziwiri amapinimbira, ndipo zimavuta kubweza pambuyo pake. Itanani mlangizi wa za umoyo adzayeze ana ndi kachingwe ka pamkono. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 amene mkono wake sufika masentimita 11.5, kapena amene mukasindikiza chala pamapazi onse awiri pamatsala dzenje, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo chiponde chimene walandira ndi mankhwala ake a iye yekha. Si chogawira abale ake, si chopaka pa buledi wa bambo, si chogulitsa pamsika. Sukulu ya phala ikasowa nkhuni kapena ophika, umenewo ndi mlandu wa pabwalo panu.

Chachisanu, musalole kuti mudzi uiwale nkhokwe yake poyembekeza galimoto. Chithandizo chochokera kutali chikhoza kuchedwa, monga chinachedwera pa Chiromo. Limbikitsani banja lililonse kukhala ndi kamunda ka chinangwa kapena mbatata, mizere ya nandolo, mtedza kapena soya, ndi dimba kumene kuli madzi. Letsani anthu anu, ndi mau abwino, kugulitsa chimanga chonse pokolola pamene mtengo uli pansi, kuti adzachigulenso mu Januwale mtengo utakwera. Ndipo kumene anthu agwirizana, mudzi ukhale ndi nkhokwe ya onse, banja lililonse kuthiramo pang'ono pokolola, makiyi ali ndi anthu atatu osankhidwa pabwalo, ndi buku lolembamo zolowa ndi zotuluka. Kupatsa nkuika. Wothira lero ndiye wodzatapa mawa.

Alimi anzanga, mvula sitingailamule. Koma mbiri ya 1949 itionetsa kuti amene amafa pa njala sasankhidwa ndi mvula yokha. Amasankhidwanso ndi kuchedwa kwathu, ndi mtunda wa kumalo ogawira, ndi dzanja logwira pensulo. Zimenezi ziri m'mphamvu yathu. Usiku uno, mfumu iliyonse iwerenge pamtima nyumba za m'mudzi mwake, kuyambira kumapeto, ndipo idzifunse kuti chimanga chitabwera mawa, ndi nyumba iti imene ingaiwalike. Mawa m'mawa yambani kupita kunyumba imeneyo.

Sabata yamawa, pa nthawi yomweyi, tidzakamba za kasankhidwe ka mbeu ya chinangwa ndi kaviikidwe ka chinangwa chowawa kuti chisapweteke ana. Mukaitane anansi anu adzamvere nao. Tsalani bwino.